Ankati Zimani

Bambo anga amadziwika ndi dzina loti a Zimani. Ngati munaonera filimu ija ya mbiri ya nyimbo za kwathu kuno, mukuganiza kuti mukudziwa kumene dzinali linachokera. Simukudziwa ayi. Anakunamizani masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo okunamizaniwo ndimawadziwa. Mmodzi mwa iwo ndinakula ndikumutcha ankolo.

Bambo sanali woyimba. Akati ayese kuyimba, agalu a mumsewu wathu ndi amene ankayankha. Ntchito yawo inali yokonza mawailesi, m'kashopu komwe ine ndimakonzeramo mafoni lero, pakati pa ometa ndi ogulitsa zitsulo za njinga. Tebulo ndi lomwelo, lodzaza zipsera za chitsulo chowotcherera. Pashelefu pakadali zitini za mkaka zomwe ankasungiramo timasikuluwu, chitini chilichonse ndi saizi yake, ndipo wosakaniza ankaona zakuda. Anali munthu wosalankhulalankhula. Ukawabweretsera wailesi ankayamba ainunkhiza, kenako n'kukuuza chomwe chapsa asanaitsegule n'komwe.

Masiku amenewo fakitale ya nsalu inali ikugwira ntchito, ndipo Loweruka lililonse masana ku holo ya antchito kunkakhala dansi. Anyamata asanu a m'fakitalemo anali ndi bandi. Woyimba wawo anali a Siliki, otchedwa choncho chifukwa cha malaya oterera amene ankavala, komanso mawu awo oterera chimodzimodzi. Magitala anali nawo, ng'oma anali nazo, koma chokuzira mawu analibe. Holo inali yaikulu moti akumbuyo ankavina pongoonera miyendo ya akutsogolo.

Bambo anaphwasula mawailesi atatu akuluakulu akufa, aja a mavalavu, timababu tagalasi tomwe timayaka m'kati. Zipangizo zake anazilumikiza zonse m'bokosi lomwe anakhoma okha ndi matabwa a kabati ya mayi. Mayi sanawalankhule bwino mwezi wathunthu. Koma chokuzira mawu chija, chomwe ankachitcha ampu, chinalira, mpaka anthu a kusiteshoni ya basi ankamva. Vuto la ampuyo linali limodzi, inkatentha. Ikalira nyimbo imodzi ndi theka inkayamba kununkha fumbi lopsa, ndipo kuilekerera kunali kuipha.

Choncho bambo ankakhala pambali pake pa kireti, kuseri kwa dzanja kuli pamwamba pa bokosi. Dzanja likakana, ankazima. Magitala zii, maikolofoni zii. Tsiku loyamba anthu anakuwa ndi mkwiyo, koma woyimba ng'oma sanaleke, poti iye magetsi analibe nawo ntchito. Anthu anayamba kuwomba m'manja ndi kuponda pansi, a Siliki akufuula ndi pakamwa pokha, bambo akukupiza mavalavu ndi chikatoni. Akayatsa, mavalavu sadzuka nthawi imodzi. Mawu ankabwera pang'onopang'ono ngati sitima ikuchokera kutali, ndipo akafika pachimake holo yonse inkachita misala.

Patapita zaka ziwiri bandi inapeza ampu yatsopano yosatentha. Anayimba nyimbo zitatu zosadukiza, anthu akungovina mwaulesi. Kenako mayi wina wa kumakina osokera anakuwa kuti, "Zimani!" Holo yonse inalandira, "Zimani! Zimani!" Kuyambira pamenepo bambo ankazima osati chifukwa cha kutentha, koma poyang'ana mapazi a anthu. Ankadziwa pamene miyendo yakhuta gitala ndipo ikufuna ng'oma yokha. Mabandi ena anatengera, anthu n'kuutcha mtundu wa nyimbowu kuti chizime. Mpaka lero nyimbo iliyonse ya kwathu ili ndi kampata kameneka pakati, ngakhale ana opanga nyimbo pa kompyuta amakasiya, osadziwa kuti kanachokera kuseri kwa dzanja la munthu.

Fakitale itatsekedwa, holo anaisandutsa nyumba yosungiramo simenti ndipo bandi inabalalika. Bambo anabwerera ku mawailesi awo, kenako mawailesi akanema. Mafoni atabwera maso awo anali atayamba kufooka, ine n'kukhala patebulo paja, iwo n'kusamukira pa benchi ya pakhomo. Sanadandaule kuti palibe anawathokoza. Ine ndi amene ndinkadandaula. Ndinkawauza kuti wopusa anaomba ng'oma ochenjera navina, iwo n'kungoti, "Bola anavina, mwanawe."

Chakudza sichiyimba ng'oma. Mayi atamwalira, mutu wa bambo unayamba kutaya zinthu. Poyamba zinali zazing'ono, makiyi, dzina la tsiku. Kenako anayamba kundifunsa ngati amayi anga abwerako kumsika. Chimene chinandiopsa kwambiri sichinali kuiwalako ayi, koma chimene chinkalowa m'malo mwake. Ukawauza kuti adya kale, ankakhulupirira n'kupukuta pakamwa. Ometa anawauza mwanthabwala tsiku lina kuti anali msilikali, ndipo sabata yonse bambo ankandisimbira za kunkhondo komwe sanapondeko. Mutu wawo unali ngati nyumba yopanda chitseko, aliyense wodutsa ankatha kusiyamo katundu wake.

Ndi nthawi imeneyi pamene kunabwera mkulu wa filimu. Ndimamutcha Kachipewa, poti chipewa sanavule ngakhale polowa mushopu ndi popereka moni kwa munthu wa msinkhu wa agogo ake. Anati akupanga filimu ya mbiri ya chizime, ya anthu osewera osati yongofunsa mafunso, ndipo wamva kuti ampu yoyamba ija ilipo.

Inalipo, pamwamba pa shelefu, itakutidwa ndi nsalu. Tsiku limenelo mutu wa bambo unali bwino. Ataona bokosi lawo latsitsidwa anawongoka, nafotokoza zonse, za kabati, za fumbi lopsa, za chikatoni, za mayi wa kumakina uja. Sindinawamvepo akulankhula nthawi yaitali choncho. Kachipewa ankangogwedeza mutu, chala chili pa foni.

"Nkhani yabwino, madala," anatero pomaliza. "Kungoti mulibe moto."

"Moto ndi umene tinkapewa," bambo anayankha.

Iye anaseka, napempha kubwereka bokosi lija kuti likaoneke mufilimu. Ndine ndinavomera. Ndine ndinalinyamula mpaka m'galimoto yake, ndikusangalala kuti tsopano dziko lidziwa. Ndikakumbukira zimenezi ndimafuna kudziluma.

Panapita miyezi isanu ndi itatu. Tsiku lina mtsikana wina anabweretsa foni yosweka galasi. Nditaika latsopano ndinamuuza kuti ayese ngati likugwira, iye n'kutsegula kanema wamfupi wotsatsa filimu ija. Ndinaona holo, ndinaona mnyamata wokongola wa malaya oterera akuyimba, atsikana akukomoka. Kenako ndinaona bokosi la bambo. Pambali pake panakhala munthu wa maso ofiira, wa mano akuda, akuyang'ana woyimba uja ndi nsanje yoti ungaidule ndi mpeni. Woyimba akukweza mawu pabwino penipeni, munthu uja anazima, n'kumwetulira. Mnzake anamufunsa kuti, "Wachitiranji zimenezi, Zimani?" Iye anati, "Ngati sindiwala ine, asawalenso wina." Kenako woyimba uja, mwanzeru zake yekha, anakweza manja n'kuyamba kuwomba, anthu n'kutsatira, chizime n'kubadwa.

Mtsikana uja ndinamubwezera foni yake. Ndinatseka shopu dzuwa lili pamutu.

Ofesi ya Kachipewa inali pamwamba pa sitolo ya matayala, chipinda chozizira ngati mosungira mitembo, makoma onse zithunzi za iye mwini. Anandipatsa mpando, ndinakana.

"Asisi, khalani pansi tikambirane ngati anthu ophunzira."

"Bambo anga anakuuzani zonse. Munali pomwepo. Kapena chipewachi chimatseka makutu?"

"Mvetsani, filimu imafuna mdani. Munthu sangalipire pakhomo kuti akaone valavu ikutentha."

"Ndiye mdaniyo mukanamupeka wanu. Mwatengeranji dzina lawo?"

"Dzina lawo lenileni sitinalitchule paliponse. Funsani loya aliyense."

"Dzina lenilenilo amalidziwa ndani? Ngakhale mayi anga ankawatcha a Zimani!"

Anatambasula manja. Anati filimu yatha, yakonzedwa, ituluka pakutha pa mwezi. Ndinamuuza za matenda a bambo. Ndinamuuza, ndikumeza manyazi, kuti munthu ameneyu akaona zimenezi azikhulupirira, ndipo palibe chimene ndingachite kuti ndizichotsemo. Ndinamupempha kuti alembe chiganizo chimodzi chokha koyambirira, chonena kuti za nsanjezo n'zopeka. Anandiyang'ana ndi nkhope yachisoni imene ndikukhulupirira kuti anaiphunzira kwa osewera ake.

"Pepani kwambiri za madala. Koma sitinapeke tokha. A Siliki ndi amene anatiuza."

Kandimverere anakanena za m'maluwa, ndinadziuza ndikutsika masitepe. Mwina mnyamatayu anamva mokhota. Ndinapita kwa a Siliki ndili ndi chikhulupiriro, poti munthu ameneyu anadyapo m'nyumba mwathu kosawerengeka, ndipo pa maliro a mayi ndi iye anayambitsa nyimbo.

Ndinawapeza pakhonde pa nyumba ya mwana wawo, kuseri kwa sukulu ya pulayimale. Tsitsi anali atalidaya lakuda bii, ndipo anavala malaya oterera atsopano, mphatso ya a filimu. Anandilandira ndi manja awiri.

"Mwana wanga! Wamva? Akuti ndikayimbe tsiku loionetsa koyamba. Ine, pa siteji!"

"Ankolo, munawauza chiyani anthu aja za bambo?"

Anayang'ana kumsewu. "Ndinangoti ankazimitsa. Nanga sankazimitsa?"

"Munawauza chifukwa chake?"

"Aaa, zinthu zakale izi. Ndani angalowe mumtima mwa munthu? Mwina kansanje kanalipo pang'ono. Ine atsikana ankandikonda, iwe sunaone."

"Ankolo, popanda bambo anga mukanayimbira mzere woyamba wokha mpaka kukalamba."

Nkhope inasintha. Anandiuza kuti ndilibe mwambo, kuti mwana wobadwa dzulo sangawaphunzitse mbiri ya nyimbo zawo. Kenako mawu anatsika, nati, "Zaka makumi atatu palibe anandiitanako ngakhale pa ukwati. Ana a mumsewu muno amandidziwa ngati agogo ogulitsa mazira. Lero anthu akundikumbuka, iwe ukufuna ndikaime pamaso pawo ndinene kuti chizime anayambitsa ndi wailesi yowola? Bambo ako sakudziwa n'komwe kuti lero ndi lachingati. Ziwapweteka pati?"

Ndinanyamuka osatsanzika. Ndikanakhala mphindi ina, ndikanachita chinthu choti mayi akanachita nacho manyazi kumanda.

Filimu inatuluka, ndipo anthu anaikonda. Ndinene zoona, nyimbo zake n'zokoma, madiresi ndi nsapato anazipeza zenizeni za nthawi imeneyo, ngakhale mawindo a holo anawakhoza. Zonse anakhoza kupatula munthu mmodzi. Mumsewu wathu nthabwala zinayamba. Wobweretsa foni ankati, "Asisi, madala asandizimire ayi." Anyamata a njinga akadutsa pa benchi ankakuwa kuti, "Ngati sindiwala ine!" Bambo ankawakwezera dzanja mosangalala, poganiza kuti ndi moni. Akuluakulu amene anavinapo mu holo muja, amene anakuwapo ndi pakamwa pawo kuti zimani, ankangoseka nawo. Mmodzi anandiuza kuti, "Komatu mwina zinalidi choncho, ife tinkangovina."

Ndinachita zomwe ndikanatha. Kunyumba ndinachotsa chingwe cha wailesi yakanema n'kuwauza bambo kuti yafa. Anafuna kuikonza, ndinabisa sikuludiraiva. Wometa uja, amene wailesi yake yakanema imalira kuyambira m'mawa mpaka kutseka, ndinamugwira pakhosi ndi mawu. Analumbira kuti filimu imeneyo siidzaoneka mwake bambo ali pafupi.

Lachinayi lina magalasi a mafoni anandithera, ndipo ndinapita kukagula m'tauni. Bambo ndinawasiya pa benchi ndi tiyi wawo. Sindinathe maola awiri. Pobwera ndinapeza benchi ili yokha, kapu ili pansi. Ndinamva ng'oma ndi kuwomba m'manja kuchokera kwa ometa.

Anali pampando wometera, nsalu ili m'khosi, mbali imodzi ya mutu yometedwa, ina ayi. Ometa anaima ndi makina m'manja, ozima. Makasitomala anayi anali pa benchi, onse maso pansi. Bambo okha ndi amene ankayang'ana kanema, osaphethira.

"Anabwera okha, asisi," wometa uja anayamba. "Makasitomala ndi amene anaika, ine ndinali..."

Mpaka lero sindilankhula naye. Ndinavula bambo nsalu ija n'kuwatulutsa ndi mutu wawo wa theka. Tinapita kunyumba. Chakudya anangochiyang'ana. Ndinadzilimbitsa mtima kuti pofika mawa zikhala zitafufutika, monga zimafufutikira zina zonse. Kwa nthawi yoyamba ndinawathokoza matenda aja.

M'mawa ndinawapeza atavala jekete ya maliro a mayi ndi tayi, nsapato atapolisha okha.

"Mukupita kuti, ababa?"

"Kwa Siliki. Ndinamulakwira mnzanga."

Ndinawakhazika pansi. Ndinawafotokozera zonse monga anafotokozera iwo kwa Kachipewa tsiku lija, mawu awo omwewo. Ndinawagwira dzanja n'kulitembenuza, kuwaonetsa khungu losalala la kuseri kwake komwe ubweya sunamerenso. Anamvetsera mwaulemu, ngati akumva nkhani ya munthu wina.

"Ndiwe mwana wabwino, ukufuna kunditchinjiriza," anatero. "Koma ndaona ndi maso angawa. Bokosi lija ndi langa. Ndinakhoma ndekha, pakona pali msomali wopindika. Ndauona."

"Bokosi ndi lanu, ababa, koma munthu uja si inu. Ndi wosewera."

"Nanga bokosi langa angakhale nalo ndani?"

Ndinakana kuwaperekeza. Anatuluka okha. Munthu amene amasochera pochoka kubafa anayenda molunjika, kudutsa pa siteshoni, kukhota pa sukulu, osafunsa aliyense. Ine ndinkatsatira m'mbuyo ngati galu, ndikulira ndi ukali.

A Siliki anali pakhonde pomwe paja, thireyi ya mazira pambali. Atationa anafuna kudzuka kuti alowe m'nyumba, koma miyendo ya nkhalamba siithawa. Bambo anaima pansi pa masitepe, navula chipewa, nachigwira ndi manja awiri pachifuwa.

"Mnzanga, ndabwera kudzapepesa. Ndinkakuzimira nyimbo chifukwa cha nsanje. Sindikudziwa chinandilowa n'chiyani. Iwe unkayimba bwino, ine ndinali munthu woipa mtima. Undikhululukire ndisanafe."

Ndinawayang'ana a Siliki m'maso. Panalibe kamera, panalibe Kachipewa, panalibe wina womva koma ife atatu ndi nkhuku. Filimu ikanakhalabe filimu, siteji yawo palibe akanawalanda. Chinkafunika ndi mawu ochepa chabe, onena kuti iwe mnzanga sunalakwe, ampu inkatentha. Kwa ine bambo sakanamva, koma kwa iwo akanamva. Ndinaona kuti a Siliki akudziwa zimenezi. Maso awo anadzaza misozi, ndipo ndinaganiza kuti umunthu wawapeza.

Anatsika sitepe imodzi, naika dzanja paphewa la bambo.

"Zinatha zimenezo, mnzanga," anatero ndi mawu awo oterera aja. "Ine ndinakukhululukira kalekale."

Bambo analira ngati mwana. Anawathokoza katatu. Pobwerera ankayenda mopepuka, akundiuza kuti Siliki ndi munthu wa mtima wa golide, kuti anthu otere ndi osowa, kuti ndizimulemekeza. Kunyumba anadya bwino, anapempha n'kuwonjezera.

Ndimadana naye Kachipewa, koma iye ndi mlendo, anaba chinthu chomwe sankadziwa kulemera kwake. A Siliki ankadziwa. Chidani chomwe ndili nacho pa iwo ndilibe nacho manyazi, ndipo abusa anayesa kundilankhula n'kulephera.

Matenda a bambo amasankha zosunga. Kupepesa kuja anaiwala pofika Loweruka, koma mlandu sanauiwale. Umakhala m'mutu mwawo masiku angapo, kenako m'mawa wina ndimamva burashi ikupolisha nsapato. Ndinayesa kubisa jekete, anapita ndi malaya okha. Ndinayesa kukhoma chitseko, anakhala pansi n'kumalira kuti afa ndi tchimo. Tsopano ndimangotseka shopu n'kuwagwira mkono, poti pa siteshoni paja magalimoto sayang'ana munthu.

Lachiwiri lapitali tinapita kachisanu ndi chiwiri. A Siliki masiku ano amatulutsiratu mpando akationa tikukhota pa sukulu. Anamvetsera mpaka kumapeto, osawadula, ndipo anawakhululukiranso.